Sikweya ndi Kasiteshoni ka a Harvey

Pulani yonse inabadwa Loweruka masana m'pub ina ya ku Bilston, kuseri kwa msika, mowa utafika pa galasi lachitatu. Pa galasi loyamba Mmalawi wa ku UK amadandaula za kuzizira, pa lachiwiri amatukwana supavaiza, koma likafika lachitatu aliyense amakhala ndi nzeru zoti n'kuyendetsera dziko.

Patebulo panali atatu. Woyamba anali Saulos, wogulitsa makadi oimbira foni kumudzi pamsika pomwepo. Ankamutcha Jenerale, ngakhale usilikali wake wonse unali wolondera pakhomo pa sitolo ya nsapato ku Wolverhampton, ndipo anamuchotsa atamupeza akuwodzera ali chiimire. Wachiwiri anali Willard wa ku Selly Oak, Pulofesa, yemwe anali m'chaka chachisanu ndi chiwiri cha usityudenti pakoleji imene palibe munthu anaionapo khomo lake. Wachitatu anali Dixon Makwinja, amene kuyambira ku Ndirande ankadziwika kuti Sikweya.

Dixon ameneyu kwawo sanali munthu wamasewera. Anali kalipentala woti mpando wake unkakalamba limodzi ndi mwiniwake. Dzina la Sikweya linabwera chifukwa akalowa m'nyumba ya munthu, asanapereke n'komwe moni, maso ake ankayamba ayeza ngati felemu ya chitseko ili chilili. Koma mu 2002 mkazi wake Nellie anapeza ntchito ya unesi pachipatala cha ku Nuneaton, banja lonse n'kutsatira, ndipo pamapepala a boma Sikweya anasanduka dipendanti, mofanana ndi mwana wawo Tiffany. Zaka zinayi tsopano ankangonyamula makatoni kuweyahausi, makatoni a makabati a utuchi omwe munthu amamanga ndi kasipanala kamodzi. Puleni yopalira matabwa anali asanaigwire chibwerere, ndipo zinkamuwawa kwambiri.

Ndiye pa galasi lachitatu lija pakamwa panatseguka. Anauza anzake za a Harvey, mzungu wokalamba wa ku Nuneaton konko, amene anagona pawodi ya Nellie atamuchita opaleshoni ya m'chiuno. Mkuluyu akuti ankatopetsa manesi ndi nkhani za masitima a zidole. Kuseri kwa nyumba yake anali ndi shedi, m'shedimo muli njanji ndi tauni yathunthu ya timanyumba tamatabwa. Timanyumbato ankaitanitsa ku America m'mabokosi, ndipo ena mwa mabokosiwo anasiya kupangidwa kalekale, moti madala anzake ankachita kulimbirana, bokosi limodzi mtengo wake kuposa malipiro a Dixon a sabata yathunthu. Atatuluka m'chipatala anatumizira Nellie khadi yothokoza, adiresi yake ili pa envulopu, n'kuitaniranso banja lonse ku chionetsero cha kalabu yawo ya masitimawo Lamulungu, lomwe tsopano linali mawa lake. Envulopuyo Nellie anaimata pafiriji.

Jenerale anaika galasi pansi pang'onopang'ono.

"Aise Sikweya, ukutanthauza kuti mawa madalawa kulibe tsiku lonse, ndipo dola ili m'shedi?"

Dixon anazindikira pomwepo kuti walankhula zambiri. Anayesa kubweza, n'kuwauza mosapita m'mbali kuti zikavuta, woyamba kupsa ndi Nellie. Nesi amene mwamuna wake wabera wodwala, adiresi ataitenga pafiriji, ntchito imathera pomwepo, ndipo ntchito ya Nellie ndiyo inali mapepala a nyumba yonse. Ikapita, onse atatu akwera ndege.

Koma Pulofesa anali atatulutsa kale bolopeni. Anajambula mapu pa kapepala koikira galasi, n'kufotokoza kuti shedi si nyumba, kuti apolisi a kuno sathamangira za zidole, ndiponso kuti pa intaneti katunduyo angathe mawa lake lomwe. Jenerale ndiye anabaya penipeni. Anafunsa Dixon kuti adzanyamula makatoni mpaka liti munthu wa manja ngati akewo, pamene dilu imodzi ingamugulire sowo, puleni ndi kavani kolembedwa dzina lake m'mbali. Dixon anakaona kavaniko m'maganizo mwake, koyera, zilembo zake zabuluu. Anaitanitsa galasi lachinayi.

Lamulungu Nellie ndi Tiffany anakwera sitima kupita kumapemphero a Amalawi ku Birmingham. Dixon anati ali ndi ovataimu.

Jenerale anafika ndi Pulofesa kudzamutenga pa kagalimoto kake kofiira kotsegukira kunja kokha, atanyamula zida zankhondo: mavesiti achikasu atatu, magolovesi otsukira mbale, matumba akuda a zinyalala, ndi chisizasi chodulira maloko chomwe anabwereka kwa mnzake wa pamsika. Za mavesiti anali ndi chiphunzitso chake. Ankati ku England ukavala vesiti yachikasu, ngakhale utasenza chitseko cha banki, anthu amakupatsa njira n'kukupepesanso.

Anadzera kanjira ka kuseri kwa nyumba ya a Harvey, n'kulowa pakageti ka m'munda. Loko wa pashedi anamupeza akungolendewera, wosatseka n'komwe. Jenerale anamudulabe. Anati sanganyamule chitsulo chonsecho kuchokera ku Bilston n'kubwerera nacho chosagwira ntchito.

Atalowa anangoti kakasi. Shedi yonse inali tauni, yomangidwa pathebulo lozungulira makoma atatu. Njanji inkadutsa pamlatho, kulowa m'phiri, n'kutulukira pachigayo. Panali sitolo, tchalitchi, malo ochekera matabwa, ndi tianthu tosaposa njere ya nyemba titaima pakhonde kudikira sitima. Chodabwitsa n'chakuti nyumba zonsezo zinali zakutha: malata adzimbiri, utoto wosupuka, matabwa akuda ndi mvula yomwe sinagwepo m'shedimo. Pulofesa atawerama anaona kuti dzimbirilo n'lochita kupenta.

"Madalawa amagula utoto kuti nyumba izioneka yosauka," anatero. "Akanangopita ku Ndirande akanaona zaulere."

Mabokosi anali pashelefu pamwamba, khumi ndi awiri, lililonse lili ndi chithunzi cha nyumba yokongola pachivundikiro. Jenerale anatsitsa limodzi, n'kulitsegula mwaulemu ngati akutsegula Baibulo la paguwa. Mkati munalibe nyumba. Munali timitolo ta timitengo towonda ngati machesi tomangidwa ndi labala, timatabwa topyapyala ngati bisiketi, kathumba ka timawindo tachitsulo, mapepala odula mizeremizere ofolerera denga, ndi buku la malangizo lokhuthala kuposa katunduyo. Anatsegula lachiwiri, zomwezo. Lachitatu, zomwezonso.

"Amwene," anatero Jenerale, mawu atatsika, "tawotcha petulo pa msewu wa M6 kudzaba zotokosera m'mano?"

Pulofesa anamukhazika mtima pansi. Anati ndi mmene azungu alili, akakhuta amagula mavuto, ndipo bokosi losamanga ndilo lodula chifukwa mavuto ake akadali athunthu. Jenerale sanamvetse, koma mawu oti kudula anawamva. Anayamba kulonga m'matumba.

Dixon sanalonge nawo. Anali ataima pa kabenchi ka pawindo, pomwe panali ntchito yosatha: kasiteshoni ka sitima, kotalika ngati chikhatho ndi theka, makoma ake anayi ali chigonere papulani. Khoma lakutsogolo linali litapindika ngati nthochi. Dixon anangoliyang'ana kamodzi n'kudziwa mlandu wake. Mkuluyo anapaka utoto mbali imodzi asanaike zolimbitsa kumbuyo, thabwa n'kumwa madzi, n'kudzikoka. Pambali panali timitengo titatu todula mokhota, guluu atapakika paliponse, ndi galasi lokuzira zinthu. Anakumbuka Nellie akunena kuti manja a a Harvey masiku ano amanjenjemera, moti tiyi ankamwa ndi manja awiri. Dixon anamva chisoni. Kenako zala zinayamba kumuyabwa, ndipo kuyabwa kumeneko kunali koopsa kuposa chisoni chija.

"Mphindi zisanu zokha," anatero, akuvula magolovesi.

Jenerale anaganiza kuti munthuyo akufuna kupita kuseri. Atacheuka anamupeza atakhala pampando wa a Harvey, atayatsa nyale ya pabenchi, kampeni kali m'manja.

Abale, ukalipentala suchoka m'manja. Dixon anasankha kamtengo kokhuthalako, n'kukadula pamuyezo kamodzi kokha, osabwereza. Ananyowetsa kumbuyo kwa khoma ndi chala, n'kupaka guluu ndi kamtengo ka machesi, n'kumata zolimbitsa zitatu mopingasa, kenako n'kutsindira zonse ndi chitini cha misomali. Podikira kuti khomalo liwongoke anapala m'mbali mwa makoma ena aja ndi sandipepa, mpaka mano ake atakumana bwinobwino. Ankaimba kanyimbo ka m'mphuno komwe ankaimba kushopu kwake ku Ndirande. Mphindi zisanu zija zinali zitabereka ana ndi adzukulu.

Jenerale anayamba ndi kunyengerera, kenako kuopseza. Dixon sanadzutse n'komwe mutu. Anangoti iye sangasiye khoma lili choncho, ndipo amene akufuna kupita apite. Apa Jenerale anagwidwa pakhosi. Kumusiya munthuyo kunali kusiya mboni yodziwa mayina, mamidulo nemu ndi manambala a nyumba zawo.

Khoma litawongoka, vuto lina linabuka. Makoma anayi anayenera kuimikidwa pamodzi, ngodya zonse zili pa sikweya, mpaka guluu atagwira. Zopanira zake zinasowa. Mwina a Harvey anapita nazo kuchionetsero. Dixon anayang'ana uku ndi uku, maso n'kukagwera pa zala makumi awiri zomwe zinangoima chabe pambali pake.

"Jenerale, gwira ngodya iyi. Pulofesa, iyo. Osafinya, kungogwira ngati dzira."

Mawu amenewa sanali a dipendanti. Anali mawu a bwana wa shopu, omwe anali asanatuluke pakamwa pake zaka zinayi, ndipo awiri aja anangozindikira atawerama kale. Golovesi ya Jenerale inaterereka n'kugwetsa kawindo. Dixon anamudzudzula ngati mwana wa sukulu, n'kulamula kuti onse avule malabalawo, chifukwa mtengo umagwiridwa ndi khungu. Anavula. Zala zawo zinamira mu guluu wofewa, n'kusiya zidindo zooneka bwino kuposa zomwe amadinda ku imigireshoni.

Pulofesa anapendeketsa khosi kuwerenga pabotolo, n'kulengeza kuti guluuyo amafuna theka la ola.

Mukanawaona! Amuna awiri akuluakulu, mavesiti achikasu, matako m'mwamba, mitu itagundana pansi pa nyale, aliyense atatsina kanyumba ndi zala zinayi, matumba a katundu wakuba ali phee pakhomo. Mphuno ya Jenerale inayamba kuyabwa, Dixon n'kumukanda ndi kumbuyo kwa pensulo. Foni ya Pulofesa inalira m'thumba nyimbo ya kwaya mpaka kutha, n'kuyambiranso. Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu, maso ankathamangira kuchitseko koma zala osasuntha, poti Sikweya anali ataika kasikweya kachitsulo pangodya, akuyang'ana ndi diso limodzi.

Theka la ola litatha anachotsa zala. Kasiteshoni kanaima kokha, chilili, ngodya zonse zitakumana popanda kampata kolowa ngakhale tsitsi. Apa munthu wanzeru akananyamula matumba. Koma Dixon anati nyumba yopanda denga ndi khola. Ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe anatsutsa mwamphamvu. Pulofesa anali atatsegula kale buku la malangizo pa tsamba la denga, akuwerenga mokweza ndi Chingerezi cha m'mphuno, ndipo kanali koyamba chibwerere ku UK kuwerenga buku mpaka tsamba lachisanu. Anayamba kudula timapepala tofolerera, n'kumapatsira Dixon kamodzikamodzi, mzere pamwamba pa mzere kuyambira pansi. Jenerale anaima pakhomo ngati mlonda, akung'ung'udza kuti wagwa m'gulu la amisala. Patapita kanthawi anasuzumira, n'kunena kuti iye sakufuna kulowerera, koma kachitseko kakumanzereko kakuoneka kopendama. Kanalidi kopendama. Anakawongola yekha ndi nsonga ya kampeni, lilime lili panja.

Chumuni chinakhala pamalo pake dzuwa litapendeka, patatha maola atatu ndi theka chilowereni. Dixon ananyamula kasiteshoniko ndi manja awiri, n'kukazunguza pa kuwala kwa pawindo. Misozi inalengeza m'maso. Anali wokondwa kuposa tsiku lililonse chiterereni pa bwalo la ndege.

Tsono pali mwambo wina umene amisiri akale a ku Ndirande amaumirira. Mkulu amene anaphunzitsa Dixon ankati ntchito yopanda dzina ndi mwana wopanda bambo, ndipo mpando uliwonse, kabati iliyonse, ngakhale bokosi lamaliro, Dixon ankalitembenuza n'kulemba kunsi kwake asanalipereke. Si mutu umene unkalemba ayi, linali dzanja. Choncho anzake ali kalikiliki kukokera matumba kugalimoto, dzanja lija linatembenuza kasiteshoni, n'kutenga pensulo, n'kulemba ndi zilembo zooneka bwino kunsi kwa pansi pake: D. Makwinja, kalipentala, Nuneaton, 2006. Anakaika pakati pa benchi, anasesa utuchi, anazimitsa nyale, n'kutseka chitseko bwinobwino.

M'galimoto munali chikondwerero. Jenerale ankamenya chiwongolero kunena kuti dilu yoyera chonchi sinachitikepo mu West Midlands monse: palibe wawaona, palibe galu wauwa. Pulofesa anati anthu ngati iwo akungowonongeka ndi mashifiti. Mabokosi anapita ku Selly Oak kukabisidwa pansi pa bedi, ndipo Dixon anafika kunyumba akuimba mluzu, mpaka Nellie, pokonzekera shifiti ya usiku, anafunsa ngati kuweyahausi ayamba kugawa mowa. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anagogoda Lolemba m'mawa, Tiffany atangopita kusukulu. Nellie anali atangolowa kumene, yunifomu ikadali m'thupi, nsapato imodzi ili m'manja. Pakhomo panali apolisi awiri, mayi ndi bambo. Wamwamunayo ananyamula thumba la pulasitiki loonekera mkati, ndipo m'thumbamo munali kasiteshoni.

Analowa pabalaza mwaulemu. Wamkaziyo anafunsa ngati bambo a pakhomopo ndi a D. Makwinja, kalipentala. Dixon, ali ndi kapu ya tiyi, anamva mawu oti kalipentala akutuluka pakamwa pa munthu wa boma, ndipo mutu unagwedera wokha kuvomera nzeru zisanafike. Wapolisi wamwamuna anatembenuza thumba lija kuti onse awerenge. Anati pa zaka zake khumi ndi zisanu ndi zinayi za upolisi anaonapo mbava zosiya chipewa, zosiya foni, koma yosiya dzina, ntchito, tauni ndi chaka inali yoyamba, ndipo anathokoza chifukwa cha zilembo zowerengeka. Za Jenerale ndi Pulofesa panalibe chovuta. Dixon anawatchula asanafunsidwe kawiri, ndipo apolisi anakawatola masana omwewo, guluu akadali m'zikhadabo.

Wamkaziyo anafotokoza kuti a Harvey sanavutike kuganiza. Dzina la Makwinja ankaliwerenga m'mawa uliwonse pabaji ya nesi amene anawaphunzitsanso kuyenda, ndipo mu Nuneaton monse munalibe Makwinja wina. Akuti mkuluyo anakhala nthawi yaitali pabenchi asanaimbe foni. Anauza apolisi kuti khoma limenelo linamugonjetsa miyezi isanu, kuti m'tauni yake yonse mulibe nyumba yowongoka ngati imeneyo, ndiponso kuti akufuna mabokosi ake khumi ndi awiri.

Kenako linabwera funso limene Dixon ankaliopa chiyambire ku Bilston. Adiresi ya wodwalayo anaidziwa bwanji?

Dixon anayang'ana pansi. Amene anayankha anali Nellie, m'Chingerezi chake chodekha cha pawodi, kuti anaibweretsa m'nyumbamo ndi iyeyo, pa khadi yothokoza. Wapolisi analemba, n'kunena mofatsa kuti akuluakulu a chipatala ayenera kudziwitsidwa lero lomwelo. Nellie anati akudziwa, ndipo aimba yekha asanamve kwa ena.

Anaika nsapato ija pansi. Anamasula baji ya dzina lake pachifuwa, anamasulanso kawotchi kowerengera kugunda kwa mtima, n'kuziika patebulo pafupi ndi tiyi wa mwamuna wake. Sanakuwe, sanalire.

"Bambo a Tiffany," anatero, "zaka khumi ndi zinayi ndavala yunifomu iyi, kumudzi ndi kuno, popanda wodwala wondidandaula. Lero mwandivula ndinu."

Mawu amenewo anamulowa Dixon mpaka m'mafupa. Anaona ndege, anaona Tiffany akutsanzika anzake a kusukulu, anaona Nellie akutsika pa Chileka wopanda chonena kwa abale ake. Anafuna kugwada, koma unyolo unali utalowa kale m'manja, ndipo wapolisi wamkazi anali atamugwira pachigongono. Anatuluka mutu uli pansi, manyazi akumuwotcha, akulumbira mumtima kuti moyo wake wonse sadzayang'ananso thabwa.

Lumbirolo linangofika pageti basi. Kutsogolo kwake wapolisi wamwamuna ankayenda akugwedeza thumba lija ngati wanyamula buledi, kasiteshoni kakugubuduka mkati, chumuni chikugunda pulasitiki. Dixon anapirira sitepe imodzi, yachiwiri, yachitatu, mano ali gwa.

"Pepani bwana," anatero m'Chingerezi chake cha kuweyahausi, "gwirani kunsi ndi manja awiri. Chumunicho sichinaume bwino."

Wapolisiyo anaima, n'kumuyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kugwiradi ndi manja awiri. Nellie, amene anali akadali pakhomo, anamva zonse. Anatseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo Dixon ali pageti pomwepo anamva kiyi akuzungulira kawiri.